Mphindi Zisanu ndi Zitatu

M'mawa uliwonse ndimakwera pandowa yovundikira
kukapukuta sola padenga la okala yanga
ndi kansanza ka yunifolomu yakale.
Fumbi la mseu wa ku Namwera siligona,
limalowa usiku osaodira.

Dzana Asiyatu anabwera nazo kuchokera kusukulu:
"Ababa, kuwala mukukupukutirako n'kwakale.
Kunanyamuka kudzuwa mphindi zisanu ndi zitatu zapitazo."
Ndinaseka. Kenaka ndinayamba kuwerengetsa.
Mphindi zisanu ndi zitatu
ndi Che Twaibu pakabaza wake
kuchoka pamlatho kukafika kuchipatala,
ngati sananyamule thumba la makala,
ngati mbuzi sizinamudutse kutsogolo.

Ulendo wonsewo, ati, mulibe mseu,
mulibe mphepo, ngakhale mtengo wopumirapo.
Mdima wokhawokha, wozizira,
ndipo kuwala kumaubowola osatuluka thukuta,
osaimitsidwa parodibuloko,
osafunsidwa chiphaso.
Akutinso dzuwa silituluka ayi.
Ndife timatembenuka
ngati munthu wogona pamphasa
amene nthiti yamuwawa.

Kukatsika m'mapiri a kum'mawa sikusankha.
Kumagwera pansonga ya mzikiti,
pamtanda wa tchalitchi, pakhoma la ndende,
pamlambe wovula masamba,
pabeseni la zitumbuwa za Abiti Lajabu,
pamsana pa galu wopanda mwini.
Shire amakuphwanya tizidutswa,
malata amakubweza m'maso mwa wodutsa,
phula amakumeza n'kukusunga
kuti adzaotche mapazi a ana poweruka.

Mwezi wa Juni kumabwera chopendekera,
chakumpoto, ngati wangongole wozemba pakhomo.
Ndimaika njerwa ziwiri pansi pa sola
kuti aonane maso ndi maso.
Okutobala akamatha kumaima paliwombo penipeni,
chithunzithunzi changa n'kuthawira pansi pa patapata,
n'kundisiya ndekha masanasana.
Malemu bambo anga analibe wotchi.
Ankazika kamtengo pabwalo,
mthunzi ukatalika ankatawaza n'kupita kukaswali.
Sanadziwe za mphindi zisanu ndi zitatu,
koma sanachedwepo.

Ine ntchito yanga n'kutchera.
Kuwala kukakodwa m'galasi lakudalo
kumatsika ndi waya wofiira, kulowa m'batire,
ndipo ndimakugulitsa pang'onopang'ono
ngati mafuta ophikira a m'timachubu:
foni imodzi, handiredi ziwiri.

Lero Abiti Mkwanda anatenga yawo itadzadza,
kafoni komangidwa ndi mphira.
Anakhala pabenchi, n'kutsegula uthenga wa mawu.
Mwana wawo Jafali, ku Joni:
"Amama ndili bwino, ntchito ndapeza,
kuno kukuzizira, musadandaule."
Anaujambula Lachitatu. Lero Loweruka.
Anaumvera katatu foni ili patsaya,
maso otsinzina, ngati munthu woothera dzuwa.
Ndinafuna kuwauza kuti mawuwo ananyamuka kale,
kuti za lero la Jafali sitizidziwa.
Ndinangowabwezera chenji.
Chimene chayenda mtunda wautali
chimafikabe chofunda.

Usiku magetsi a boma akathima
babu langa limayaka lokha pamzere wonse.
Asiyatu amakoka mpando, n'kutsegula buku
pomwe anajambula dzuwa ngati dzira lokazinga
ndi mivi itatu yoloza kampira.
Akuwerenga za kuwala
ndi kuwala komwe kunatsala masana.
Akuti panopa kukudzutsa anthu ena
kuseri kwa dziko, m'mizinda
yomwe maina ake amaluma lilime.
Mwina kumenekonso wina wakwera pandowa.

Ndamufunsa: nanga dzuwa litazima,
tingadziwe liti?
Wayankha osadzutsa mutu:
"Che Twaibu atafika kuchipatala."
Ndatseka zenera la okala,
kansanza ndakayanika pamsomali.
Kunja fumbi layamba kale kutera.